Digiri ya makompyuta: Mzuni, UNIMA, MUBAS, MUST kapena yapulaiveti?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, foni yanga siipuma. Wina ndi mnzanga wa kutchalitchi ku Katawa, wina ndi mayi amene ndimawagula nthochi mumsika waukulu, koma funso ndi limodzi: mwana akufuna za makompyuta, alembe kuti? Amandifunsa chifukwa ndinachita ICT pa Mzuni ndipo ndimagwira ntchito yoyang'anira netiweki muno mu Mzuzu. M'malo moyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndaganiza zolemba kamodzi. Ndineneretu kuti mtima wanga umapendekera ku Luwinga komwe kuli Mzuni, komanso kuti koleji ina yapulaiveti inatisiyira chilonda pabanja pathu. Ziwiri zonsezi muziona mukamawerenga.

Za makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, aliyense akudziwa. Chimene makolo ambiri sachiyang'ana ndi Masamu. Mwana akhoza kukhala ndi mapointi okongola, koma ngati Masamu anapeza 7 kapena 8, imeneyo ndi pasi chabe, si kirediti, ndipo mapulogalamu a makompyuta m'mayunivesite aboma amutsekera chitseko. Ena amafunanso Physics. Computer Studies ya ku sekondale imathandiza mwana kuzolowera, koma siilowa m'malo mwa Masamu.

Pamenepa ndi pamene mlongo wanga wamng'ono anagwera. Masamu anapeza 7, ndipo NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, itatulutsa mayina a osankhidwa, lake panalibe. Analira sabata yathunthu. Kenako anamva pawailesi za koleji ina ya mumzinda wina, dzina sinditchula, yomwe inkalengeza digiri ya Computer Science popanda kuvutitsa za Masamu. Amayi anandiyitana ku Chibavi madzulo amenewo. "Mwana wanga, mlongo wakoyu asangokhala pakhomo. Iweyo ndiye ukuzidziwa zimenezi, tamuthandiza." Ndinayang'ana fizi papepala lawo, ndinaona kuti ndingakwanitse ndikamanga lamba, ndipo ndinalipira.

Semesita yoyamba isanafike pakati kunabwera kalata ya ndalama ya labu, yomwe papepala lija sinalembedwe. Labu yakeyo ndinakaiona ndi maso anga: makompyuta anandandalikidwa kukhoma, ambiri ofundidwa nsalu chifukwa anafa kalekale, ophunzira atatuatatu akudzipanikiza pa imodzi yoyaka. Ndinalipirabe. Itayandikira nthawi ya mayeso, tinauzidwa kuti mayesowo ndi a bungwe la kunja ndipo amalipiridwa padera, m'mapaundi. Apa ndi pomwe panandipweteka kwambiri, chifukwa mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mapaundi omwewo, mayeso omwewo, koma makwacha oti ndipeze anakwera usiku umodzi. Ndinagulitsa njinga yamoto imene mnyamata wina ankandiyendetsera kabaza, kuti mwana alembe.

Chomwe chinatitsegula maso ndi ngongole. Mlongo wanga anafuna kufunsira ku HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama ophunzira a m'masukulu a ukachenjede, ndipo pulogalamu yake sinapezeke pamndandanda. Ndinakwera basi kukafunsa ndekha ku kolejiko. Mkulu wa muofesi anandilandira bwino, anandipatsa mpando, kenako analoza kukhoma. "Bambo, musadandaule, satifiketi ya NCHE si iyo apo?" Inalidi pamenepo, m'felemu yagalasi. Ndinaimirira ndi kuiwerenga mzere ndi mzere. Inali ya registration, kutanthauza kuti sukuluyo inalembetsedwa ndipo ikuloledwa kutsegula zitseko. Ya accreditation, yosonyeza kuti pulogalamu imeneyi ya Computer Science inawunikidwa ndi kuvomerezedwa, panalibe. Nditafunsa, anati zili m'njira. Ndinafunsanso kuti nanga digiriyo adzapereka ndani, ndipo m'pamene zinaululika kuti iwo amafikitsa mwana pa dipuloma basi, chaka chomaliza n'chokalipiranso kwina, ndalama ina.

Masemesita atatu anapita choncho. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mlongo wanga anabwerera ku Chibavi ndi chikwama chake, nalowa sukulu ya madzulo kuti alembenso MSCE. Mpaka lero ndikadutsa pa siteji ya kabaza ku Katoto n'kuona njinga yofiira ngati yanga ija, mtima umandiwawa.

Choncho anzanga, mawu awiriwa muwasiyanitse. NCHE, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, imalembetsa sukulu, komanso imavomereza sukuluyo ndi mapulogalamu ake payokhapayokha. Koleji ikhoza kukhala ndi pulogalamu ya Business yovomerezeka pamene ya makompyuta ilibe chilolezo. Mndandanda umapezeka pa webusaiti ya NCHE ndipo umatulukanso m'nyuzipepala. Fufuzani dzina la pulogalamu lenilenilo, osati la sukulu lokha. Sindikunena kuti madipuloma a mabungwe akunja ndi oipa. NACIT, yomwe ndi koleji ya boma, yakhala ikuphunzitsa madipuloma a bungwe la kunja la NCC Education kwa zaka zambiri ndipo anthu ake ali pantchito. Cholakwa ndi kubisira kholo kuti kutsogolo kuli mapaundi.

Tsopano tibwere ku mayunivesite aboma.

Mwana amene Masamu amawamwa ngati madzi, amene akufuna kudziwa chifukwa chake pulogalamu imodzi imathamanga pamene inzake ikukwawa, apite ku Zomba. Computer Science ya ku UNIMA, yomwe tinazolowera kuitcha Chanco mpaka pamene University of Malawi inagawidwa mu 2021, imazama pa maziko: ma algorithm, data structures, discrete mathematics, kapangidwe ka operating system. Zaka zoyambirira zimakhala zouma, Masamu ochuluka, zogwira ndi manja zochepa. Koma anzanga amene anachokera kumeneko ndimawaona, chilankhulo chatsopano cha programming amachitola m'masabata ochepa. Izi ndikuvomera ngakhale ndine wa Mzuni.

MUBAS, Poly yakale ija ya ku Chichiri, ili ndi Information Technology komanso Information Systems. Mphamvu yake yaikulu ndi malo amene ili. Malikulu a mabanki monga National Bank, a TNM ndi makampani ambiri ali mu Blantyre momwemo, ndiye mwana akafuna attachment, yokaphunzira ntchito pakampani, amangokwera minibasi. Ya Information Systems imasakaniza makompyuta ndi kayendetsedwe ka bizinesi, yabwino kwa amene akufuna kudzakhala pakati pa owerengera ndalama ndi olemba mapulogalamu.

MUST ili ku Ndata m'boma la Thyolo, ndipo inatsegulidwa mu 2014. Kuli Computer Systems and Security ndi Business Information Technology. Nyumba zake n'zatsopano poyerekeza ndi ena onsewa, ndipo nkhani ya chitetezo cha makompyuta ikufunika kwambiri masiku ano pamene anthu akuberedwa ndalama pafoni. Kwa ife a kumpoto vuto ndi mtunda. Mwana anyamuke madzulo pa depoti ya Mzuzu, adutse nkhungu ya ku Chikangawa, Jenda, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Zalewa, kukamuchera ku Blantyre, kenako akwerenso ina ya ku Thyolo. Muwerengere ulendo umenewo kupita ndi kubwera semesita iliyonse kwa zaka 4, muonjezepo wa maliro kapena matenda. Ndalama imeneyi palibe yunivesite imailemba pa fomu.

Kwa amene akufuna yapulaiveti kuno kwathu, University of Livingstonia ya Sinodi ya Livingstonia, yomwe inayamba mu 2003, ili ndi Computer Engineering. Lamulo ndi lomwe lija: onani pamndandanda wa NCHE musanapereke tambala.

Ndiye Mzuni. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997 ndipo ophunzira oyamba analowa mu 1999. ICT yake ili pakatikati: programming, ma database, netiweki, mawebusaiti, kusamalira ma seva. Sizama m'Masamu ngati ya ku Zomba, koma imatulutsa munthu woti mukamuika m'ofesi ya NGO ku Karonga kapena pachipatala ku Rumphi, pomwe wa makompyuta ndi iye yekha, amatha kukonza printa m'mawa, kukoka chingwe cha netiweki masana, n'kulemba ripoti kuchokera mu database madzulo. Ntchito zambiri za kumpoto kuno n'zotero. Ine tsiku langa loyamba pantchito sanandifunse za algorithm, anandipatsa crimping tool, chipangizo chomangira mitu ya zingwe za netiweki, ndi bokosi la zingwe.

Pali msampha umodzi pa Mzuni womwe ndiyenera kuutchula, ndipo si wa sukulu ayi, ndi wa ife osawerenga bwino fomu. Kuli pulogalamu ya Library and Information Science. Mnyamata wina wa kwathu ku Mchengautuwa anaona mawu akuti Information Science naisankha, akuganiza kuti akukalemba mapulogalamu. Anakapeza za kasungidwe ka mabuku ndi marekodi, kasanjidwe ka chidziwitso, ma archive. Ndi maphunziro abwino, ntchito zake zilipo m'boma, m'mabanki ndi m'mayunivesite, ndipo makompyuta amagwiritsidwamo ntchito kwambiri. Koma si ICT. Mnyamatayo anavutika mumtima chaka chonse choyamba asanaikonde. Werengani maphunziro a m'kati mwa pulogalamu, osangodalira dzina.

Ubwino wina wa Mzuni kwa mwana wa mu Mzuzu ndi wosavuta kuuona. Malo ogona pakampasi sakwanira onse, monga zililinso m'mayunivesite ena aboma, ndipo ochokera kutali amachita lendi ku Luwinga. Wa ku Chiputula kapena Zolozolo amagona kwawo, amadya nsima ya amayi ake, m'mawa n'kukwera kabaza. Ndalama ya lendi ija imagula laputopu.

Laputopuyo ndi yofunika kulikonse kumene angapite. Ya kaunjika ilibe vuto, bola ikhale ndi SSD, RAM yosachepera 8GB, ndi batire losunga moto maola angapo, chifukwa magetsi akathima asayimenti siidikira. Musanapereke ndalama, muitsegule pomwepo m'shopumo, muchotse chaja, muone ngati ikukhalabe yoyaka.

Pomwe Mzuni imatsalira ndi pa attachment. Makampani aakulu a makompyuta ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo malo a muno mu Mzuzu ndi owerengeka, ophunzira amalimbirana. Ambiri amakakhala kwa achibale ku Area 25 kapena ku Ndirande miyezi imeneyo. Ngati mulibe wachibale kumeneko, yambani kusunga ndalama mwana akadali chaka chachiwiri. Mzuzu E-Hub yathandiza achinyamata kupeza poyambira, koma siingameze kalasi yonse.

Mukandifunsa kuti ndisankhe, ndinena motere. Mwana wa Masamu a 1 kapena 2, wofunitsitsa kudzalemba mapulogalamu aakulu, aike UNIMA patsogolo. Wokonda za chitetezo ndipo kwawo angakwanitse thiransipoti, MUST. Wofuna za kubanki, MUBAS. Ena onse a kuno, makamaka amene fizi yawo ikuchokera m'munda wa chimanga kapena pa benchi ya mumsika, ndimawauza Mzuni mosazengereza, ndipo ndikudziwa kuti chikondi changa pa sukulu imeneyi chikulankhula nawo. Amene Masamu sanakhoze, alembenso. Chaka chimodzi cha sukulu ya madzulo n'chotsika mtengo kuposa masemesita atatu amene ife tinataya.

Mlongo wanga analembanso, ndipo Masamu anapeza 4. Fomu ya NCHE tinadzaza limodzi patebulo la amayi ku Chibavi, mndandanda wa mapulogalamu ovomerezeka uli pafoni pambali pathu. Pa chisankho choyamba analemba ICT, Mzuni. Tikudikira mayina.