Chimango chochekera matabwa ndi chainsaw: patha miyezi 14

Patha miyezi 14 chigulireni chimango cha aluminiyamu chomangirira pa chainsaw kuti izicheka matabwa. Sabata zoyambirira ndinkangonyadira thabwa lililonse lotuluka, choncho ndinadikira dala kuti matabwawo aume ndisanalembe. Mitengo yonse yomwe ndacheka ndi yotola: zipika za mtengo wogwa ndi mphepo, ndi mitanda ya denga la nyumba yakale yomwe inkagumulidwa.

Chimangocho sindichipeza ndi mlandu waukulu. Mabawuti ake amamasuka chifukwa cha kunjenjemera kwa injini, ndiye ndimawalimbitsa ndisanayambe chipika chilichonse. Thabwa loyamba ndimalicheka nditakhomera makwerero pamwamba pa chipika kuti chimango chiyende pamalo owongoka. Likapindika loyambalo, onse otsatira amatengera.

Chomwe chinandivuta ndi injini. Yanga ndi ya 50cc, ndipo chipika chikapitirira masentimita 35 imalira ngati ikupempha chikhululukiro. Anthu amene amati ntchitoyi imafuna 70cc kapena kuposa sanama. Zinthu zinasinthako nditanola mano a tcheni pa madigiri 10 m'malo mwa 30 odulira nkhuni: thabwa limatuluka losalala, ngakhale liwiro silikwera kwenikweni. Dziwaninso kuti tcheni amadya pafupifupi mamilimita 8 pocheka kamodzi. Mukamacheka matabwa a mamilimita 25, gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengowo limasanduka utuchi.

Tsono misomali! Pa mtanda wachiwiri ndinagunda msomali wothyokera mkati, tcheni wonola kumene n'kubuntha pompo, mano awiri n'kukukutika. Maso okha sakwanira, chifukwa mutu wa msomali wakale umadyeka ndi dzimbiri, thunthu lake n'kutsala mkati. Nthawi zina mtengo umaulula wokha: pomwe pali chitsulo pamakhala banga lakuda lobiriwira pang'ono, lomwe limabwera chitsulo chikakumana ndi tanini (mankhwala achilengedwe opezeka m'mitengo ina) pali chinyezi. Koma si mitengo yonse imatero. Ndinagula kachipangizo kam'manja kofufuzira zitsulo, ndipo pa zonse zomwe ndili nazo m'shedi muno, ndi kameneka kandipulumutsa koposa. Mchenga wolowa m'ming'alu nawo umabunthitsa mano, choncho ndimayamba ndapukuta mtengo ndi bulashi ya waya.

Kuumitsa ndiko kunandiphunzitsa kudekha. Matabwa a mitanda yakale anali ouma kale, moti patatha milungu ingapo ndinawapala n'kupanga shelefu. A zipika zaziwisi ndi nkhani ina. Amisiri amawerengera pafupifupi chaka chimodzi pa mamilimita 25 aliwonse a makulidwe. Mulu woyamba ndinausanja mothamanga, timitengo tolekanitsa matabwa tili paliponse, kumapeto osapaka kanthu. Zotsatira zake, anayi mwa matabwa khumi anang'aluka kumapeto ndipo awiri anapotoka osathekanso kuwongola. Mulu wachiwiri ndinapaka penti yokhuthala kumapeto tsiku lomwelo, timitengo n'kutiika pa masentimita 45 aliwonse, kena pamwamba pa kanzake ndendende, pamwamba n'kutsendereza ndi njerwa, pamthunzi podutsa mphepo. Umenewu wauma bwino. Thabwa lokhala ndi mtima wa mtengo lokha ndilo limang'aluka zivute zitani, ndiye masiku ano ndimalidula pawiri n'kutaya kachigawo kapakatiko. Kachipangizo koyezera chinyezi kakusonyeza 14 peresenti tsopano. Matabwawo ndiwalowetsa m'nyumba kwa mwezi umodzi kapena iwiri ndisanapange tebulo.

Pali mitengo ina yomwe ndinasiya kutola. Yobiriwira yothiridwa mankhwala a CCA oteteza ku chiswe ndi kuwola ili ndi poizoni wotchedwa arsenic, utuchi wake si wopuma ndipo zotsala zake si zowotcha. Ya penti yakale kwambiri ikhoza kukhala ndi mtovu. Mapaleti odindidwa MB anafukizidwa methyl bromide, mankhwala ophera tizilombo, ine ndimatenga odindidwa HT okha, omwe anangotenthetsedwa.

Kodi ndingagulenso chimangochi? Inde, kwa munthu wofuna matabwa okhuthala ochepa pachaka, wokhala ndi malo oumitsira komanso msana wolimba, pakuti ntchitoyi ndi yogwada ndi kukankha, utsi uli kumaso. Wofuna matabwa opyapyala ambiri apite nazo zipika zake kwa ocheka ndi bandsaw, makina a mpeni wopyapyala wozungulira ngati lamba, chifukwa mpeni wake umadya mamilimita awiri kapena atatu okha. Chimango ndichisunga, koma injini ya 50cc ndikuibwezera ku nkhuni.