Kilachi ya Exedy Stage 1 pa Subaru yanga ya turbo, patha miyezi 9 manje

Anyamata awiri andifunsa kale pa Kapata kuti kilachi yomwe ndinaikitsa ikuyenda bwanji, ndiye ndati bola ndilembe zonse kamodzi, chifukwa nkhani iyi inandidyera ndalama kawiri ndipo sindifuna wina adutse momwe ndinadutsa ine.

Motoka yanga ndi Subaru Impreza WRX ya 2003, ija ya ku Japan, injini EJ205 ya malita 2, magiya 5, inabwera kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde monga zambiri za kuno. Pochoka ku fakitale motoka iyi imapatsa mahatchi 250 (PS) ndi torque, kutanthauza mphamvu yopotokola ya injini, yapafupi 333 Nm. Ine ndinasinthitsa paipi ya utsi kuchokera pa turbo, kompyuta ya injini ndinaikonzetsanso ku Lusaka, boost, mphamvu yomwe turbo imakankhira mpweya mu injini, inakwera kufika pa 1.2 bar. Mphamvu inabwera zoona, koma kilachi inali ikali ija yakale yomwe inabwera ndi motoka, ndipo sinakhalitse.

Ndinazindikira tsiku lina ndikuchokera ku Katete, ndili mu giya 5, kutsogolo kuli thiraki ya chimanga. Ndaponda mafuta kuti ndiipite, singano ya ma rev yalumpha kuchoka pa 3000 kufika pafupi 4500 koma motoka siinawonjezere liwiro, ikungolira chabe, kenaka kafungo kaja ngati mabuleki opsa kanalowa mkati. Ndinabwerera kumbuyo kwa thiraki mtima uli phaphapha chifukwa kutsogolo kunali kubwera basi. Amene mufuna kuyesa yanu chitani choncho pa mseu wopanda anthu, giya 4 kapena 5, ma rev ali pansi, pondani mpaka pansi. Kilachi yotha imayamba kuterereka mu magiya apamwamba pomwe turbo yangoyamba kukankha, mu giya 1 ndi 2 mungaone ngati zonse zili bwino.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Ndinamvera zokamba za anzanga kuti motoka yochunidwa imafuna kilachi ya mpikisano, ija yomwe mbale yake siyozungulira yonse koma ili ndi mapazi 6 a ceramic, yopanda masipuling'i pakati. Ndinaigula kwa munthu wina wogulitsa masipeya pa foni, bokosi lake lolembedwa "Stage 3" zilembo zikuluzikulu koma popanda nambala ya torque paliponse, dzina la kampani sindinalimvepo. Kuterereka kunatha ndithu. Koma kuyendetsa mu tauni kunasanduka chilango. Kilachi ija ilibe pakati, mwina yagwira mwina sinagwire, basi. Inu mukudziwa mmene Chipata ilili, ma hampu, njinga zonyamula anthu zikungolowa paliponse, pa Down Shops Loweruka m'mawa ukuyenda mamita awiri waima, mamita awiri waima. Ponyamuka motoka yonse imanjenjemera gwedegwede mpaka dashibodi kulira, ndipo ukaopa kuti izima umawonjezera mafuta, ndiye imadumpha ngati yamenyedwa kumbuyo. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kugunda mnyamata wa njinga atanyamula mayi ndi mwana kumsana, ndinafika kunyumba manja akunjenjemera. Akazi anga anakaniratu kuigwira motoka, ati mwendo ukuwawa komanso akuopa, ndipo sindinawatsutse.

Patatha miyezi 4 ndinayamba kumva giya 2 ikulira mwachilendo. Ndinapita kwa mdala wina amene wakhala akukonza motoka kuno kuyambira ine ndili pa sukulu, anaiyendetsa pang'ono chabe kuzungulira ku Kapata ndi kubwerera, atatsika anandiyang'ana nati, "Mwana wanga, iyi motoka imakoka ndi mawilo onse anayi. Ukaimenya ponyamuka matayala sazungulira pachabe ayi, ndiye nkhonya yonse ipita kuti? Kilachi ikakana kugonja, agonja ndi magiya." Ndinati koma amdala, anthu akuti yolimba ndiyo yabwino. Anati yolimba ndi yabwino kwa amene ali ndi giyabokosi ina kunyumba.

Mawu amenewo ndi oona ndipo aliyense amene wakhalapo ndi WRX ya magiya 5 akudziwa kuti giyabokosi yake siyolimba ngati ija ya magiya 6 ya STI, mtundu wa Impreza wamphamvu kuposa WRX. Kilachi mutha kuipeza, koma giyabokosi ya WRX kuno kum'mawa mukaifuna kuti? Ndi kuyamba kuimba mafoni ku Lusaka kapena kudumpha pa Mwami kukafunsa ku Lilongwe, ndipo iyenera kugwirizana ndi difu ya kumbuyo, apo ayi mwaononganso zina.

Ndiye ndinakhala pansi kuwerenga bwino nthawi iyi. Chinthu choyamba chomwe ndinaphunzira ndi chakuti kilachi saisankhira pa mahatchi a injini, amaisankhira pa torque, chifukwa chomwe chimaitereretsa ndi mphamvu yopotokola ija. Ndipo mawu akuti Stage 1, Stage 2, Stage 3 alibe lamulo, kampani iliyonse imatchula mmene yafunira, Stage 2 ya uyu itha kufanana ndi Stage 1 ya wina. Chofunika ndi nambala ya Nm yomwe alemba kuti kilachi ingapirire, ikhale pamwamba pang'ono pa torque ya injini yanu, osati kuwirikiza kawiri. Amene anandichunira kompyuta anati yanga ili chapafupi 380 Nm, ndiye ndinafuna yopitirira pamenepo pang'ono basi.

Ndinasankha Exedy Stage 1. Exedy ndi kampani ya ku Japan, kale inkatchedwa Daikin, ndipo imapangira makilachi mafakitale a motoka za ku Japan, ndiye siachilendo pa Subaru. Mu bokosi munali pressure plate, ija yopanikiza mbale ya kilachi, yolimbirapo kuposa ya fakitale, mbale ya kilachi yozungulira yonse ya organic, yofewerapo kuposa ceramic, yokhala ndi masipuling'i pakati, ndi release bearing. Masipuling'i aja ndi amene amameza kugunda ponyamuka, ndipo organic imalola kuterereka pang'ono pamene mukuitulutsa pang'onopang'ono, chomwe ndi chimene munthu amafuna pa hampu kapena pokwera chitunda uli pa mzere. Mtengo unali wokwera, sindinama, pafupi kawiri ija ya mapazi, kuphatikizapo kuitumiza ndi msonkho wa ZRA, ndipo ndinadikira milungu itatu motoka ili pa mthunzi wa mango kunyumba.

Chenjezo limodzi musanaitanitse. WRX ya zaka ngati yanga imagwiritsa kilachi yokoka, ija release bearing imakolekera mu pressure plate ndi kuikoka, pamene ma Subaru ambiri opanda turbo ali ndi yokankha. Pa chithunzi zimaoneka ngati zofanana koma sizilowana. Tumizani nambala ya chasisi ndi ya giyabokosi kwa wogulitsa, musangoti "ya Impreza".

Tsiku loika ndinakhala pa galaji kuyambira m'mawa. Mdala uja asanalekanitse giyabokosi ndi injini anamasula kachitseko kena pambali, nalowetsa kabawuti kakang'ono mu shafti ya foloko ya kilachi ndi kuisolola. Anati anyamata ambiri sadziwa zimenezi pa kilachi yokoka, amangokanula ndi chitsulo mpaka kuthyola zinthu. Atatulutsa flywheel, chimbale cha chitsulo cha kumbuyo kwa injini chomwe kilachi imagwirapo, anandiitana kuti ndione. Inali ndi madontho abuluu a kupsa, ndipo poyendetsa chala umamva mizere ngati pa mbale ya malata yokwechedwa ndi mchenga, ntchito ya ceramic ija m'miyezi inayi chabe. Tinaipereka kokapala pa makina, mwamwayi inali ikali ndi nyama yokwanira. Tinasinthanso pilot bearing ndi oilo silo ya kumbuyo kwa injini ngakhale inali isanayambe kudontha, chifukwa ikadontha mawa oilo ikagwera pa kilachi yatsopano ndi kutsitsanso zonse, ndalama ya makanika kawiri. Mafuta a kilachi nawo tinathira atsopano, akale anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka.

Anandifunsa ngati ndifuna flywheel yopepuka, anyamata amaikonda chifukwa ma rev amakwera msanga. Ndinakana. Yopepuka imapangitsa motoka kuzima msanga ponyamuka, ndipo ine ndinali nditatopa nazo.

Kenaka kuizoloweretsa. Makilomita 800 oyamba osaponda kwambiri, osalola boost kukwera, osanyamuka mwaukali. Ndipo apa ena amanamizana kuti ingopita ku Lusaka ndi kubwerera yatha, makilomita 570 kupita okha. Ayi, pa Great East Road ukhala mu giya 5 maola ambiri, kilachi siikugwira ntchito, imafuna kusinthasintha magiya kwa mu tauni kuti mbale ikhale bwino pa flywheel. Zinanditengera pafupi milungu 6, kupita ku ntchito, kukatenga ana ku sukulu, ku msika, phazi likuyabwa koma ndinapirira.

Manje mmene ikuyendera. Pedulo ndi yolemerapo kuposa ya fakitale, zimenezo musanamizidwe, tsiku loyamba mumamva ndithu. Koma patatha sabata mwendo unazolowera, ndipo akazi anga abwerera pa chiwongolero, amapita nayo okha ku tchalitchi ndi kwa amayi awo ku Chadiza. Imagwira pang'onopang'ono, umamva pomwe yayamba kuluma ndipo utha kuisunga pamenepo. Kunjenjemera kulibe, kupatula m'mawa wa June kukazizira ngako imachita pang'ono ponyamuka koyamba, ikatentha zimatha. Giya 2 inasiya kulira titasintha oilo ya giyabokosi, ngakhale ndimaimvetserabe mpaka lero.

Mayeso enieni anali ulendo wa ku Lusaka mwezi watha, anthu anayi mkati ndi matumba awiri a nshawa kumbuyo. Amene mumayenda mseu uwu mukudziwa mapiri aja kuchoka ku Nyimba kudutsa Kacholola kutsikira pa Luangwa Bridge ndi kukweranso tsidya lija, kutentha kwake komanso mathiraki akukwawa. Ndinapita mathiraki angapo mu giya 4 boost ili yonse, singano ya ma rev ndi ya liwiro zikukwera limodzi, palibe kafungo, palibe kuterereka. Pamenepo ndi pomwe mtima unakhala pansi.

Zomwe sindinakonde zilipo. Mtengo ndanena kale. Kudikira nakonso, chifukwa kuno simungailowe mu shopu ndi kutuluka nayo, ndipo zabodza zilipo zambiri zoikidwa mu mabokosi okongola, ndiye gulani kwa wogulitsa amene angakupatseni nambala ya sipeya kuti muiyang'ane nokha pa intaneti. Komanso iyi ili ndi malire ake. Mukaika turbo yaikulu kuposa TD04 ya fakitale ndi kukweza torque kwambiri, Stage 1 idzayamba kuterereka, pamenepo mufunika ina yolimbirapo, koma ngakhale apo ine ndinganene kuti tengani yokhala ndi masipuling'i, ndipo yambani mwaganizira za giyabokosi.

Kwa amene motoka yake ili ngati yanga, paipi ndi kompyuta chabe, ndipo ndi yomweyo imene mumapita nayo ku ntchito, ku maliro, ku Mtenguleni pa Nc'wala pomwe mzere wa motoka umayenda ngati kamba, kilachi iyi ndingakuuzeni kuti gulani. Ija ya mapazi 6 ikali mu sitolo kunyumba, mnyamata wina anafuna kuigula ndinamukaniza, ndinamutengera kwa mdala uja kuti akaone kaye zithunzi za flywheel yanga.