Gulu lathu lachithandizo ku Rosettenville ndi lodalirika, koma tisamadikire kuti munthu afe

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp ngati gulu lomwe timasonkha mwezi ndi mwezi kuno ku Rosettenville ndi lodalirika kapena ndi aja odya ndalama za anzawo, ndiye ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la gulu sinditchula chifukwa akomiti sindinawapemphe, komanso magulu otere ku Joni alipo ambirimbiri, ku Turffontein, ku Mayfair, ku Yeoville mpaka ku Diepsloot, ndipo zambiri zomwe ndinene mukazipezanso kwanuko. Mwachidule ine ndikuti lowani, pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi, yachisanuyo ndafotokoza kumunsiku chifukwa chomwe ndayimana.

Kayendetsedwe kake nkosavuta. Polowa umapereka R200 kamodzi, kenako R100 mwezi uliwonse, ndipo maliro akagwa aliyense amawonjezera chipepeso monga wakwanitsira. Ukangolowa umadikira miyezi 6 usanayambe kuthandizidwa mokwanira, ena amadandaula nazo koma ine ndikuona kuti nzoyenera, apo ayi anthu bwenzi akulowa m'bale wawo ali kale pa oxygen. Ndalama zili ku banki ndipo osayinira ndi atatu, wapampando, mlembi ndi msungichuma. Vuto lake mukulidziwa, ambiri mwa ife mapepala sali bwino ndiye sitingatsegule akaunti, zikatero osayinira amasankhidwa pakati pa anthu ochepa omwe ali ndi permit, osati amene timawakhulupirira kwambiri. Mwamwayi omwe tili nawo panopa ndi anthu oopa Mulungu, koma gulu silingatsamire pa mwayi mpaka kalekale.

Pa nkhani ya maliro ndiye abale apa sindingawanene choipa. Amene sanatumizepo thupi kumudzi sadziwa kuti ndi ntchito yotani. Pamafunika satifiketi ya imfa ya ku Home Affairs, pepala losonyeza kuti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, chilolezo cha unduna wa zaumoyo chotulutsira thupi m'dziko muno, kalata ya ku ofesi ya kazembe wathu, kenako galimoto yoti idutse Beitbridge, ipyole Zimbabwe yonse mpaka Nyamapanda, iwoloke Zambezi pa Tete, ikalowe pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo pa boda iliyonse mapepala amawaonanso. Munthu woferedwa, mutu sukugwira, ku ntchito madamu akumuimbira foni kuti ubwera liti, angayende yekha zonsezi? Pomwe mnzathu wina wa ku Thyolo anamwalira, wogwira ntchito ya m'gadeni ku Glenvista, mkazi wake sanapite ku ofesi ina iliyonse kupatula komwe kunkafunika siginecha yake. Achimwene awiri akomiti anajomba ku ganyu ndikuyenda ndi faelo mpaka zonse zinatheka, a kampani ya maliro anatitchula ndalama yoposa R20,000 ndipo gulu linalipira osamupempha mayiyo ngakhale 1 randi. Azimayi anagona m'siwa usiku onse akuimba nyimbo za kwathu m'kachipinda kakang'ono ka kuseri kwa nyumba ya landilodi, ena anakhala panja pozizira chifukwa malo anachepa, nsima inaphikidwa pa mbaula ziwiri, ndipo mayiyo anakwera limodzi ndi bokosi ali ndi kangachepe m'manja kokafikira kumudzi.

China chomwe ndimachiyamikira ndi momwe amachitira ndi abale athu achisilamu. Tili ndi mamembala ambiri a ku Mangochi ndi ku Machinga, ndipo kwa iwo thupi silichedwa, mabanja ena amasankha kuika konkuno ku Westpark komwe kuli chigawo cha Asilamu. Zikatero gulu silinena kuti poti simunatumize thupi ndiye ndalama mulandira yochepa ayi, amalipira zonse za konkuno ndipo yotsalayo amatumiza kwa ana kumudzi pa Mukuru. Ndinamvapo magulu ena akugawikana chifukwa cha nkhani imeneyi, ena kumati ndi gulu la Ayao ena ndi la Alomwe, kwathu kuno zimenezo palibe ndipo ndikupempha zisadzabwere.

Usiku wa pa 31 August 2023 pomwe nyumba ya Usindiso inapsa ku Marshalltown, anthu 76 anafa ndipo Amalawi analipo ambiri pakati pawo. Ambiri sanali mamembala athu nkomwe. Koma m'mawa mwake gulupu yathu ya pa WhatsApp inali itadzaza kale ndi mauthenga, wina akuti ndili ndi mabulangete awiri, wina akuti ndili ndi zovala za ana, mayi wina wogulitsa usipa ndi ufa wa kondowole anatseka geni yake ndikuphika mpunga m'poto wamkulu kukapereka kwa opulumuka. A Gift of the Givers, bungwe lija anayambitsa Dr Imtiaz Sooliman mu 1992 lomwe limagwiranso ntchito kwathu ku Malawi, anafika ndi chakudya ndi zofunda zambiri zoti ife sitingazikwanitse ngakhale titasonkha chaka chonse, ndipo Mulungu awadalitse. Koma panali ntchito ina yomwe inkafuna ife eni ake. Munthu wapsa pasipoti, foni yapsa, Chingerezi sadziwa, Chizulu amangomva pang'ono, akuopa kulemba dzina lake pa pepala lililonse poganiza kuti mathero ake ndi ku Lindela, komwe boma limasungira obwera oti awabweze kwawo, ameneyo amafuna wina womuyankhula m'Chichewa kapena m'Chiyao, womubwereka foni aimbire mayi ake ku Namwera kuti ndili moyo, womuperekeza ku mochale ya ku Diepkloof kukafufuza m'bale wake pomwe matupi ena sankazindikirika. Zimenezi anachita anthu a m'magulu ang'onoang'ono ngati lathuli, ndi ndalama ya tekisi ya m'thumba mwawo.

Nthawi ya lokidauni mu 2020 zinalinso chimodzimodzi. Boma litatseka dziko pa 27 March, ogwira m'nyumba za anthu ndi a maganyu anangouzidwa kuti musabwere, ndipo R350 ija boma linkapereka pamwezi kwa osowa ntchito, ambiri mwa ife sitinali m'gulu loilandira. Komiti inagwirizana kutapa ku thumba la maliro ndikugula ufa, mafuta ophikira, nyemba ndi sopo, ndikumagawa khomo ndi khomo kuyambira mabanja a ana aang'ono. Anapatsanso agogo ena achizulu oyandikana nafe omwe ankalera zidzukulu okha, ndipo mpaka lero anthu a mumsewu umenewo amatilonjera mwaulemu, ngakhale nthawi zomwe kunja kukutentha ndi nkhani zothamangitsa obwera.

Tsopano pomwe pakundiwawa. Chaka cha mliri chitatha tinabwerera ku lamulo lakale loti ndalama ya gulu ndi ya maliro basi. Ndiye taonani zomwe zimachitika, mtsikana wina wa ku Mulanje, membala wosaphonya mwezi, anadwala kwa nthawi yaitali, ntchito inatha, lendi inamukanika, mankhwala ankamwa pamimba popanda kanthu. Nkhani itafika ku msonkhano yankho linali loti malamulo salola, amene akufuna apereke payekha. Tinasonkha ochepa chabe ndipo sizinafike patali. Koma tonse m'chipinda muja tinkadziwa kuti akanati wamwalira usiku umenewo, pofika m'mawa R20,000 ikanatuluka popanda wofunsa funso. Abale, tingakhale ndi ndalama ya bokosi koma osakhala ndi ya phala? Iyeyo anachira, achemwali ake anamutenga kukakhala naye ku Cosmo City, koma ku gulu sanabwererenso ndipo ine sindimuimba mlandu. Akuluakulu ena amati tikatsegula khomo limeneli aliyense azidwala kumapeto kwa mwezi, nkhawa yawo ndikuimva ndithu chifukwa anthu ena ndi ochenjera moipa, koma tikudziwana tonse, tikudziwa amene akudwaladi ndi amene wathera malipiro ku mowa, ubwino wa gulu la pamalo ndi umenewo. Azimayi awiri atha kupita kukamuona munthu ndikubwera ndi lipoti tsiku lomwelo.

Za mabuku nazonso zikufunika kukonza. Msungichuma amalemba m'kope ndi bolopeni, risiti amapereka ukaiitanitsa, sitetimenti ya ku banki timaiona pakatha miyezi yambiri. Sindikunena kuti pasowa ndalama, sipanasowepo, koma kujambula sitetimenti ndikuponya pa gulupu mwezi uliwonse ndi ntchito ya mphindi imodzi ndipo ikhoza kutseka pakamwa anthu onong'ona. Anzathu a kuno ndi ma stokvel awo, magulu awo osonkherana ndalama, anafika patali pa zimenezi, ena mpaka ali ndi malamulo olembedwa omwe membala aliyense amasayinira, ngakhale banki mkhonde ya kumudzi amawerenga ndalama pamaso pa onse. Komanso misonkhano imayamba mochedwa kwambiri, amati 2 koloko koma anthu amadzaza cha m'ma 4, pomwe ena Lamulungu ndi tsiku lokhalo lopuma ndipo akuyenera kubwerera kwa abwana kusanade. Ndipo mu komiti ya anthu 7 muli mzimayi mmodzi yekha, chonsecho ophika, ogona m'siwa, oyendera odwala ndi osonkha mokhulupirika ambiri ndi azimayi.

Kwa inu amene mwangofika kumene ku Joni, musananyamule ndalama yanu kupatsa gulu lililonse funsani kuti osayinira ku banki ndi angati, muone kope ndi maso anu, mufunse maliro omaliza omwe anathandiza ndipo mukayankhule ndi banjalo, mufunsenso ngati mwana kapena mkazi wanu ali m'kaundula kapena ndi inu nokha, chifukwa anthu ambiri amadzadziwa zimenezi tsiku loipa. Mukaphonya miyezi itatu kwathu kuno amakuimitsani, ndiye ntchito ikatha musabisale, kauzeni mlembi msanga, amamvetsa ndipo amakupatsani nthawi.

Pa msonkhano wa mwezi wamawa ine ndikukapempha kuti pa R100 iliyonse tizipatula R20 ikhale thumba la odwala ndi omwe atsekeredwa panja ndi landilodi, liziyang'aniridwa ndi azimayi atatu osankhidwa ndi gulu, ndipo aliyense wothandizidwa alembedwe m'kope lakelake. Mamembala amene mukugwirizana nazo chonde bwerani mudzakweze dzanja, musadzangondiuza kuseri kuti mwanena zoona achemwali kenako tsiku lovota muli ku Dragon City kogula katundu.