Kanyumba kogulitsa ku Senga Bay ndakakaona ndekha

Loweruka tinapita kukaona kanyumba kaja akugulitsa ku Senga Bay, kuchoka pa Salima boma ndi makilomita pafupifupi 20 basi. Abale malo aja ngokongola, mitengo ya mango mbali zonse, kuseri mlambe waukulu, mthunzi wokhawokha moti ngakhale dzuwa la Okutobala silikupeza pakhonde, ndiye ukangotsika masitepe pang'ono wafika kale pamchenga asodzi akuyanika usipa chapoteropo. Zipinda ziwiri, sola ilipo.

Chandidetsa nkhawa ndi khoma lakumunsi, mzere wa madzi ukuonekabe mpaka m'mawondo, paja nyanja inadzaza kwambiri mu 2024. Eni ake akuti akonza koma ine ndawauza andionetse kaye mapepala a lease. Khonde lija lokha landigwira mtima zedi.