Chidole cha ziwalo zam'thupi: mwana akuphunzira, koma impso ija ndikuifunabe

Ndadikira miyezi iwiri ndisanalembe, ndimati mwina mtima ukhala pansi. Sunakhale pansi, ndiye ndilembabe.

Ndinagula chidole cha pulasitiki chija chopanda manja ndi miyendo, chimene mumatsegula pachifuwa n'kumazula mapapo, mtima, chiwindi, chifu ndi matumbo chimodzichimodzi. Ndikunena chachikulu chija cha K95,000, osati kakang'ono koika pa shelefu. Ndinagulira mwana wanga wamkazi amene ali Fomu 4. Akulemba MSCE ndipo maso ake ali pa unamwino ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, koma kusukulu kwawo Biology ndi ya choko basi. Aphunzitsi ajambula mtima pa bolodi, belu lalira, a Masamu alowa n'kufufuta. Ndinaona chithunzi pa Facebook, shopu ina ya zipangizo za sukulu ku Limbe, ndinatumiza ndalama pafoni, wakabaza n'kubweretsa katoni Loweruka masana.

Tinayala mphasa pakhonde, mwana n'kuyamba kuzula. Atachotsa matumbo anangoti chete. Akuti, "Amayi, impso ili imodzi." Kusuzumira, zoonadi. Ya kumanja ilipo, koma kumanzere kuli timisomali tiwiri tokolekapo chinthu, chinthucho palibe. Tinakutumula katoni, tinafufuza m'mapepala onse, ngakhale pansi pa mphasa. Ayi ndithu.

Lolemba ndinakulunga chidolecho m'chitenje n'kukwera nacho minibasi kuchokera ku Bangwe, chili pamiyendo ngati khanda. Kondakitala mpaka anafunsa ngati ameneyunso alipira. Pashopupo ndinapeza mnyamata ali pafoni, kundilonjera osadzutsa mutu n'komwe. Ndinayamba mwaulemu: "Achimwene, katundu uja wafika wopereweza, onani apa." Iye anangoloza kapepala ka pakhoma konena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Ndinati sindikubweza, ndikungofuna chiwalo chimene ndinalipira. Apa m'pamene anandiyang'ana koyamba, n'kunena mokweza kuti aliyense amve: "Koma mayi, munthu amakhala moyo bwinobwino ndi impso imodzi. Vuto lili pati?"

Anthu amene anali pamzere anaseka. Ine mutu unatentha. Ndalama imeneyo ndi ya chipereganyu cha miyezi itatu, ndinasiya kugula malata a kukhitchini, ndiye mwana wamsinkhu wa mwana wanga azindisandutsa nthabwala? Ndinapempha kuonana ndi abwana, akuti achokapo. Nambala yawo, akuti saloledwa kupereka. Pomaliza analemba dzina langa kuseri kwa lisiti lakale n'kuti kontena ina ikafika andiimbira. Kapepalako ndinakaona ndi maso anga akukaponya m'dirowa ya mabatire. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti nditafika kunyumba, mwana wanga anati zimene ananenazo ndi zoona, anthu amapereka impso kwa m'bale wawo n'kukhalabe athanzi. Munthu kukunyoza ndi mfundo yoona kumapweteka kawiri.

Chilungamo chake, chidolecho pachokha ndilibe nacho mlandu waukulu. Ana anachipatsa dzina loti Amalume, ndipo Amalume aphunzitsa nyumba yonse. Ine ndakula ndikudziwa kuti mapapo ndi awiri ofanana. Ayi, la kumanja lili ndi zigawo zitatu, la kumanzere ziwiri, chifukwa mtima unapendekera kumanzereko n'kulanda malo. Mwana anali ataloweza zimenezi m'kope koma akuti zinamveka tsiku limene anayesa kulowetsa phapo la kumanja kumanzere n'kukana kulowa. Za kapamba nazo zinatheka pomwepa. Ife tikati kapamba timaphatikiza zinthu ziwiri, pamene pa mayeso ukasokoneza pancreas ndi spleen wakhwatchidwa. Pa Amalume zimaoneka poyera: pancreas, imene imapanga insulin yochepetsa shuga m'magazi, yagona mopingasa kuseri kwa chifu, spleen yabisala kumanzere pansi pa nthiti. N'chimodzimodzi mitsempha. Kwathu kuno yonse ndi mitsempha, ya magazi, ya ubongo, ngakhale ya nyama yolimba ija, koma apa ina ndi yofiira, ina yabuluu.

Pa mitundu imeneyi ndinatsala pang'ono kuchita manyazi. Nditakwiya kale, ndinkafufuza zolakwika zina kuti ndikabwerere nazo ku Limbe. Ndinapeza mtsempha waukulu wotuluka mumtima utapakidwa buluu, pamene pepala la mayina a ziwalo likuti ndi artery. Ndinati ehe, ndawagwira, ma artery amakhala ofiira. Mwana kuseka mpaka misozi. Akuti umenewo ndi pulmonary artery, umatenga magazi opanda oxygen kupita nawo kumapapo, ndiye buluu ndi wolondola. Anatsegula mtimawo pakati, kundionetsa zipinda zinayi, n'kundiyendetsa ndi chala mmene magazi amadutsira mumtima kawiri pa ulendo umodzi wozungulira thupi. Sanayang'ane m'buku ngakhale kamodzi. Tsiku limenelo ndinaona kuti ndalama ija sinalowe m'madzi yonse.

Koma onani mmene impso yosowayo imabwererera. M'buku muli mfundo yoti impso ya kumanja imakhala m'munsi pang'ono kuposa inzake chifukwa chiwindi chinakhala pamwamba pake. Uyerekeza ndi chiyani inzakeyo palibe? Tinachita kupita kumsika kukagula impso ndi mtima wa mbuzi. Wogulitsa nyama, munthu wachilendo amene sindinamupatse K95,000, anatisankhira mtima wosang'ambika ndipo anatisiyira mitsempha yake yayitali titamuuza kuti ndi za sukulu. Kunyumba mwana anadula impso m'litali ndi lezala, kuona mphepete mwake ndi m'kati mwake mosiyana mtundu. Pa mtima anapanikiza ndi zala khoma la ventricle (chipinda cha m'munsi cha mtima) ya kumanzere, lochindikala kwambiri kuposa la kumanja poti ndi limene limakankha magazi kupita thupi lonse. Phunziro litatha tinakazinga n'kudyera nsima.

Zina zoti mudziwe musanagule. Pepala la mayina a ziwalo ndi la timalemba tating'onoting'ono, theka Chingerezi theka Chitchaina, ndipo manambala a pa ziwalozo ayamba kale kufufutika ndi thukuta la m'manja, tachita kulembanso ndi maka. Mukachiimika, matumbo amagwa okha mukangogunda tebulo. Ziwalo zoberekera palibe, chonsecho mutu umenewo uli pa silabasi. Mafupa 206 aja musayembekezere kuwawerenga pamenepa, ndipo za ma nephron, tosefa magazi tokwana pafupifupi miliyoni mu impso iliyonse, n'za m'buku ndi aphunzitsi basi. Agogo ake a mwanayu salola kuti Amalume agone osafunda chitenje, kuyambira usiku umene magetsi anazima iwo n'kuwaunika ndi tochi ali chitsegulire pamimba.

Pa mayeso a mock mwana wapeza 3 mu Biology, kuchoka pa 6 wa teremu yatha. Sindinganene kuti ndi chidole chokha, amadzuka 4 koloko kuwerenga, koma anzake anayi amabwera Lamlungu lililonse kudzapikisana kuti ndani abwezeretse ziwalo zonse m'malo mwake atamangidwa m'maso. Katunduyu ndimupatsa 4 pa 5. Shopuyo sindiipatsa kanthu. Ngati mwaganiza zogula kumeneko, pitani nokha, tsegulani katoni pa kauntala pomwepo, zulani chilichonse n'kuwerenga musanatulutse khobidi.

Panopa kumanzere kwa Amalume kuli impso yadothi imene mlongo wamng'ono wa mwanayu anaumba ngati nyemba yaikulu n'kuipaka polishi wa nsapato. Mauthenga anga asanu ndi awiri pa WhatsApp awerengedwa onse, yankho palibe. Ndamva kuti kontena ija inafika sabata yatha. Lachisanu ndikupitanso, ndipo Amalume ndipita nawo.