Kamera ya pakhomo pa amayi, patatha miyezi 9

Kamerayi ndinaigula kuno ku Johannesburg mu Januwale, nditamva kuti akuba athyola khola la mbuzi la amayi ku Ntcheu. Ndi yongokwana m'dzanja, ndipo siifuna kompyuta. Mumailumikiza ku Wi-Fi kamodzi kudzera pa foni, kenako imadzigwirira yokha. Mphwanga anaikhoma pakhonde, pafupi ndi MiFi, kachipangizo kopereka Wi-Fi kokhala ndi SIM card. Amene mukufuna kugula, dziwani kuti zambiri zotsika mtengozi zimangogwira Wi-Fi ya 2.4GHz, osati ya 5GHz. Ife tinataya tsiku lathunthu tisanazindikire zimenezi.

Masabata oyamba sindinkagona. Foni inkalira pakati pa usiku kuti pabwalo pakuyenda chinthu, ine mtima phaa, koma ndikatsegula n'kupeza ndi kangaude watchera ukonde pagalasi penipeni, tizilombo tikuuluka mozungulira. Tsopano mdzukulu wa amayi amapukutapo ndi kansanza Loweruka lililonse, ndipo kulirako kunachepa.

Magetsi akazima, kamera ndi MiFi zonse zii, pamene mdima womwewo ndi umene wakuba amaudikira. Mwayi wake imalandira moto wa 5V pa USB, choncho tinagula kabatire kotha kuyendetsa zonse ziwiri kwa maola angapo. Bundle ikatha imajambulabe pa memory card ya 64GB, ndipo ikadzaza imafufuta zakale n'kumapitiriza. Kuonera pa HD ndinasiya, kumadya bundle ngati dzombe m'munda.

Chimene sindinachiganizire ndi amayi eni akewo. Tsiku lina mu Epulo ndinatsegula foni n'kungoona maluwa a chitenje. Anali ataiphimba. Nditawaimbira anati, "Mwana wanga, kodi ndine mkaidi? Ndikamatong'ola chimanga diso lili pa ine. Anzanga a Mvano anasiya kukhala pakhonde pano, akuti iwe umamva zonse." Mawuwa anandilasa, chifukwa zinali zoona. Ndinkatsegula kangapo patsiku osawauza, ndikumati ndi chikondi. Ndinapepesa. Mphwanga anaitembenuza kuti iyang'ane kukhola ndi kuchipata, ndipo maikolofoni ndinazimitsa.

Tinagwirizana kuti ndizitsegula mawu m'mawa wokha, cha m'ma 6 koloko. Amatulutsa mbuzi zawo, n'kuima poonekera, tsache lili m'manja. "Wadzuka bwanji kumeneko?" Mawu amachedwako pang'ono kufika, moti nthawi zina timayankhula pamodzi, koma nkhope ndimaiona bwinobwino, ngakhale tsiku limene mwendo wawavuta ndimadziwira pa kayendedwe.

Pulasitiki yake yayamba chikasu ndi dzuwa, fumbi la Okutobala lalowa m'mphepete mwa galasi, koma chithunzi chikadali choyera. Mbuzi sizinabedwenso. Mvula isanayambe ndamuuza mphwanga aisunthire m'kati pang'ono, chifukwa mtundu umenewu anaupangira m'nyumba ndipo madzi suuwapirira.