Singano za Schmetz Stretch pa ntchito yosoka leggings za ana

Aliyense amene anayesapo kusoka leggings za mwana ndi singano wamba amadziwa vuto la makina odumphadumpha msoko, makamaka pa nsalu ya thonje yosakaniza ndi spandex, imene imatamuka mbali zonse. Singano za Schmetz Stretch, zimene zimadziwika ndi kamzere kachikasu pathunthu pake, zinapangidwa pofuna kuthetsa vuto limeneli, ndipo ndaona kuti zimalithetsadi.

Nsonga yake ndi yobulungira pang'ono, kotero imadutsa pakati pa ulusi wa nsalu m'malo moudula, ndipo timabowo tija timene timaoneka m'mbali mwa msoko wa pamatako mwana akagwada kapena kukwawa sitimabwera. Kakhwawa ka kumbuyo kwa diso la singano kanasemedwanso mwapadera kuti mbedza ya makina izikola ulusi nthawi iliyonse. Pa nsalu yopepuka, saizi 75/11 ndi yokwanira, koma posokerera lasitiki m'chiuno, pamene nsalu yapindidwa kawiri, ndimakonda 90/14.

Komabe singano payokha siingapulumutse msoko wowongoka, chifukwa umaduka mwana akangokoka leggings povala. Pamafunika msoko wa zigizagi wopapatiza, ndiponso manja osakoka nsalu pamene ikulowa pansi pa phazi la makina, apo ayi m'mphepete mwa miyendo mumachita makwinya. Singanozi zimakwana pa makina ambiri a m'nyumba, koma a mafakitale amafuna mtundu wina, choncho ndi bwino kuyang'ana nambala 130/705 H-S pa paketi musanagule.